Chithunzi cha Hagara pa maliro a bambo

Ndinadzuka kusanache, maso akuwawa ndi utsi wa pasiwa. Chiperoni chinali chitaphimba phiri lonse. Panja amuna ankaotha zitsa za bulugamu, azimayi akukoleza moto pamafuwa. M'nyumba mayi anali atakhala kumutu kwa bambo, pansi pa chithunzi chimene tinakula tikuchiona.

Chithunzicho bambo anapatsidwa ndi wansembe wa ku Holande chaka chimene anabatizidwa. Anachijambula ndi inki yofiirira munthu wina wakalekale wa kwawoko: Abrahamu akupitikitsa Hagara ndi mwana, koma dzanja lake lili pamutu pa mwanayo ngati likukana kuchoka. Kuti abatizidwe, bambo anayenera kutsala ndi mkazi mmodzi. Mayi aang'ono, mkazi wawo wachiwiri, anabwerera kwa Apwitikizi, kutsidya kwa Muloza, khanda lili kumsana. Pakhomo pathu dzina lawo silinkatchulidwa, koma Lamulungu lililonse bambo ankapukuta galasi la chithunzicho, mayi n'kumayang'ana kumbali.

Uthenga wa maliro amalume anautumiza kutsidyako. Mayi aang'onowo akabwera, mayi awalola kulowa?

Kutacha anthu anayamba kufika: a m'malayini a antchito a kuesiteti ya tiyi atafunda masaka, a kwaya, ena panjinga kuchokera ku Thuchila. Adzukulu atangonena kuti manda atha, ndinaona mzimayi wowonda ataima pansi pa mtengo wa mapeyala, miyendo ili matope okhaokha. Pambali pake panali mnyamata wamtali, mphumi yake ya bambo yeniyeni. Nyimbo inazilala.

Mayi anatuluka, n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Mwaimiranji pamvula ngati alendo? Lowani, amuna anu ali muno."

Anawasendera pamphasa. Mayi aang'ono analira m'Chilomwe, chilankhulo chimene bambo ankatiimbira tili ana, ndipo ine misozi sindinathenso kuigwira. Popita kumanda mnyamata uja ananyamula nawo bokosi, tikudutsa m'minda ya tiyi, mvula ikuwaza.

Madzulo anthu atabalalika, nyumba inangoti zii. Pakhoma lakuda ndi utsi panatsala kamalo koyera ndi msomali. Mpaka lero ndimachisowa chithunzicho. Ndinafunsa mayi kumene chinapita.

"Ndam'patsa mwana uja," anatero akupinda mphasa. "Zaka zonsezi dzanja lija linali pamutu pake."