Mulu wa miyala wa Anganga

Kho, kho, kho. Ndikukumbukira kulira kwa nyundo pamgodi wa miyala kuseri kwa mudzi wa Assumane, m'mawa wa chisanu cha ku Lichinga, nkhungu isanachoke m'mitengo ya paini. Makolo anga atamwalira ndinaleredwa ndi Anganga, mayi a mayi anga, ndipo chakudya chathu chinkachokera pamgodipo. Ankaphwanya miyala kuti ikhale burita, timiyala tomangira nyumba.

Ntchito ankaiyeza ndi lata, chitini chachikulu choyezera miyala. Madzulo kapitawo ankayenda mulu ndi mulu kuyeza miyala, ndipo wolephera kufika pa meta, muyeso wa tsiku, malo ake ankapatsidwa kwa wina. Manja a Anganga anali atayamba kunjenjemera. Choncho ndinkalawirira nawo, n'kuphwanya pamulu pawo kapitawo asanafike, kenako n'kuthamangira kusukulu fumbi lili m'mphuno. Ana sankaloledwa kugwira ntchito pamgodipo, ndiye Anganga anandiuza kuti ndisauze munthu.

Pafupi nawo pankakhala Abiti Saidi, mayi wodwaladwala chifuwa, amene anakulira ku Malawi pothawa nkhondo. Iwonso ankalawirira, ndipo ankandiona. Ankanditchula kuti mwamuna wawo, n'kumandiseka kuti ndikulimira munda wa eni mkazi wanga akufa ndi njala.

Mulu wa Anganga unakula kuposa ya ena onse. Loweruka lina nditabweretsa chinangwa chophika, ndinapeza kapitawo atasonkhanitsa anthu. Analoza muluwo, nati ngati nkhalamba ikudzaza malata ochuluka chotere ndi manja ake awiri, enawo akungosewera. Meta inakwera kwa aliyense.

Abiti Saidi anayesetsa. Ankaphwanya akutsokomola, osapumira ngakhale nthawi ya swala, pemphero lawo la masana, koma mulu wawo sunafike. Tsiku limene kapitawo anawauza kuti asabwerenso, ndinalipo, nditabweretsa chakudya. Anawafunsa monyoza ngati anali ndi chonena. Akanangotchula za ine, meta ikanatsika, koma Anganga ndi amene akanachotsedwa. Abiti Saidi anandiyang'ana, nayang'ana Anganga amene anali atazolika, kenako anati alibe mawu. Inenso ndinangoima, mbale ili m'manja.

Kunyumba sitinakambirane za tsikulo mpaka Anganga anamwalira. Lero ndikamva anthu akutamanda mgodi kuti ukutulutsa zambiri, ndimafuna kudziwa kaye kuti pamulupo pagwira manja angati, chifukwa lata ija inkangoona miyala. Ndinkaganiza kuti ndikupulumutsa munthu mmodzi, osadziwa kuti ndikukweza muyeso umene udzachotse mnzake.

Tsiku lija, Abiti Saidi atamanga katundu wawo m'kapulana, chitenje chawo, anabwera pomwe ndinaima. M'manja anali ndi kamkombero kodulidwa kutayala lakale, kogwirira mwala kuti nyundo isaphwanye zala.

"Mwamuna wanga, zala zimenezo n'zolembera kusukulu," anatero. "Mawa uzigwirira ndi aka."

Anakaika m'dzanja langa, nasenza katundu wawo, n'kutsika njira ya ku Lulimile osatembenuka.