Asresie ndi Alendo a pa Fasika

Asresie anabadwira m'mapiri a Wegera, kumpoto kwa Gondar, m'mudzi wa Ayuda oumba mbiya ndi osula makasu. Dongo analidziwa asanadziwe kuluka tsitsi lake. Atakula anakwatiwa ndi Ayelign, wosula zitsulo wa kutsidya kwa mtsinje, munthu wofatsa wosachulutsa mawu. Mwa ana onse amene anabereka, anakula ndi mmodzi yekha, mnyamata dzina lake Fentahun.

Mbiya zake zinali zabwino ndithu, koma kumudziko anatchuka ndi zophika za pa Fasika, Pasaka wa Ayuda. Chikondwererochi chikayandikira, amayi ankaswa miphika yonse yakale n'kuumba yatsopano kuti pasatsale ndi kafungo komwe ka chotupitsa. Sabata yonseyo kunalibe mowa, kunalibe chakudya chosasa kapena chogonera. Kunali kita, mkate wopyapyala wosatupitsa, umene ana ankautafuna nkhope zitakwinyika. Asresie ndiye anapeza mowanyengerera. Ankakazinga chitowe pa phale mpaka chiyambe kuthetheka, n'kuchisinja chikadali chotentha, n'kuthiramo uchi, n'kuumba timibulu tonga mazira a nkhunda. Kita wongochoka pamoto ankamunyenyanyenya m'mbale, n'kumudonthezera uchi ndi kamchere pang'ono. Tchana ankaviika m'mawa, masana n'kukazinga ndi tsabola. Zonsezi sizinkachedwa, munthu wopita kumadzi ankapeza zapsa.

Amene sankamuyamikira ndi Tarikye yekha, mkazi wa Wubneh, mng'ono wake wa Ayelign. Makomo a nyumba zawo anayang'anana, ndipo pakamwa pawo sipankatsekeka.

"Iwe, uchiwu ukuthira kapena ukungoionetsa mbale?" ankatero Tarikye, dzanja lili kale m'mbalemo.

"Ukadzabwera ndi wakwanu ndidzathira ndi chikho."

"Kwathu njuchi zinasamuka zitamva kuimba kwako."

Ankakangana kumtsinje, ankakangana kokumba dongo. Koma ndi Tarikye yemweyo amene anamugwira msana pobereka, ndipo ndi yemweyo amene anagona naye pamphasa ana aja atamwalira.

Chaka cha njala ndi nkhondo, kunamveka mphekesera yoti njira yopita ku Yerusalemu yatseguka, yodzera ku Sudan wapansi. Mabanja anayamba kuchoka mwakachetechete, lero awa, mawa awo. Nthawi imeneyo maso a Ayelign anali atafa kale ndi moto wa posulira, miyendo nayo itayamba kukana. Asresie anatsala naye. Fentahun anapita ndi Wubneh, Tarikye ndi mwana wawo wamkazi Lemlem. M'mudzi wonse uja munatsala anthu awiri. Mlimi wina wachikhristu wa kumunsi, Getahun, anayamba kudyetsa ng'ombe zake m'mabwalo, kenako kumazula mitengo ya madenga a nyumba zopanda anthu. Asresie ankangomuyang'ana.

Fasika itafika, anachita monga mwa chaka chilichonse. Anaswa miphika, anaumba ina, anasesa nyumba yake, n'kusesanso ya Tarikye ngakhale munali akangaude okhaokha. Nkhosa panalibe woipha, wansembe anali atapita ndipo wakhungu sagwira mpeni wa nsembe. Choncho chakudya cha chikondwerero chinali kita, tchana ndi timibulu take tija.

Dzuwa litapendeka, ali chogwada pa chiwaya chake chadothi pabwalo, anamva mawu pafupi ndi khutu lake.

"Iwe wouma manja."

Anatembenuka. Pafupi panalibe munthu. Kumapeto kwa mudzi kunali mzere wa miyala, umene wokhudza mtembo ankakhala kuseri kwake mpaka atayeretsedwa, chakudya chake n'kumamuikira pamiyalapo. Kuseri kwa miyalayo kunaima Tarikye. Nsalu yake yoyera inali itafiira ndi fumbi la mtundu wosapezeka ku Wegera, milomo itang'ambika, maso atalowa. Kumbuyo kwake, pansi pa mkuyu, panakhala gulu la anthu, onse atafunda mitu, atafulatira mudzi. Panali ndi ana, koma panalibe wolira kapena wodzikanda.

Asresie anathamangira komweko, manja ali ufa wokhawokha.

"Mwabwerera? Nanga waimiranji kumeneko ngati mlendo? Lowa, nyumba yako ndasesa."

"Sindingalowe. Tili ndi maliro."

"A ndani?"

"Mafunso ako aja sunasiye? Ndili ndi njala, mnzanga. Zakudya za kumene tili si zathu, sitikuzikhudza. Waphika?"

"Ndaphika za anthu awiri." Asresie anasuzumira gulu lija, kufunafuna phewa limodzi limene ankalidziwa. "Fentahun ali pati?"

"Ameneyo sali nafe, ndipo usamutchule pano. Pita ukaphike, dzuwa likutithawa."

Mawuwo anamulasa mumtima. Anaganiza kuti mwana wake amutaya panjira. Komabe anthu anjala anali pakhomo, tsono anabwerera pamoto. Anakhuthula ufa wonse wa sabata ija, n'kumakanda wochepawochepa kuti usapeze mpata wotupa, uku akutembenuza kita wina pa chiwaya. Chitowe chonse chinapita pa phale. Uchi anapendeketsa mtsuko mpaka kukanda pansi pake ndi chala.

Ayelign anali atakhala pakhomo, mutu ataupendeketsa monga achitira akhungu.

"Amake Fentahun, mumayankhula ndi ndani?"

"Ndi Tarikye. Abwerera, ali pamkuyu, ambiri ndithu."

Bamboyo anamvetsera nthawi yaitali. Mphepo inali itaima, ndi nkhuku zomwe zinali zitalowa m'khola dzuwa likadalipo.

"Chifuwa icho n'cha mng'ono wanga Wubneh," anatero motsitsa. "Ndachimva. Koma mapazi sindinawamve. Anthu onsewo angakwere chitunda cha miyala chija ine osamva ngakhale kamwala kogubuduka?"

Asresie anasanja mbale ziwiri zazikulu, imodzi pamutu ina m'manja, n'kupita kumiyala kuja. Tarikye anali ataima pomwe anamusiya, osasuntha ngakhale phazi.

"Bwera nazo kuno kumtengo," anatero. "Manja anga alibe mphamvu. Ungowoloka pang'ono, anzako onse akufuna akuone."

Asresie anali atatukula kale mwendo pamene anamva nsalu yake ikukokedwa kumbuyo. Anali Ayelign, amene anamutsatira chopapasa ndi ndodo, akupuma movutika.

"Ikani pamiyala, amake Fentahun. Mwambo ndi umenewo."

"Koma ndi Tarikye, abambo."

"Ndamumva. Ikani pamiyala."

Tarikye anaseka, kuseka kwake komwe kuja koma kouma, kopanda mpweya. "Alamu, maso anapita koma nkhani mumazitha." Asresie anatsitsa mbale zija. Tarikye anatola kambulu kamodzi, n'kukatafuna maso atatseka. "Lero lokha wathira ngati munthu," anatero. Ananyamula mbale imodzi n'kuyamba kupita kumtengo.

Pomwepo fungo la kupserera linafika kuchokera pabwalo. Asresie anathamangira kita wotsiriza amene anamuiwala pamoto. Atamuchotsa n'kucheuka, dzuwa linali litagwira nsonga ya phiri, ndipo pansi pa mkuyu panalibe munthu. Pamiyala panalibenso mbale.

Anadya kita wopserera uja awiriwiri kusanade. Ayelign anayamba kufotokoza za makolo otuluka mu Iguputo, monga ankachitira wansembe, koma atafika pa anthu oyenda m'chipululu mawu anamuthera. Asresie analira chifukwa cha mwana wake.

"Musalire," anatero mwamunayo. "Akuti sali nawo. Thokozani."

M'mawa anapeza mbale zonse ziwiri pansi pa mkuyu, zitavundikiridwa, zopanda ngakhale kanyenyeswa. Udzu wa pamenepo unali chiimire, mame osagwedezeka. Anaziswa ndi mwala, chifukwa chiwiya chodyera wamaliro sichibwerera m'nyumba. Akuchoka pamenepo anakumana ndi Getahun atasenza mitengo ya denga. Anaitula pakhomo pa Tarikye, osayang'ana Asresie kumaso.

"Mayi, abale anu aja afika liti? Dzulo madzulo mkazi wanga waona utsi ukutuluka pa nyumba zonse."

"Moto unali umodzi, wanga."

Getahun anayang'ana makomo otsekedwa aja, n'kutsetsereka chitunda mofulumira. Ng'ombe zake sizinakwerenso kumeneko.

Ayelign anamwalira mvula yotsatira, ndipo Ayuda a mudzi wina amene anali asanachoke anabwera kudzamuika. Asresie anapita nawo ku Addis Ababa, kumene anadikira zaka m'kachipinda ka malata, mpaka ndege zinabwera kudzawatenga. Ku Israeli anapeza Fentahun wamoyo, ali ndi ndevu ndi mkazi. Anapezanso Lemlem, ali yekha, atabereka mwana kumsana.

Lemlem ndiye anamufotokozera za msasa wa ku Sudan. Anthu ankafa ndi matenda otsegula m'mimba, ena ndi njala, popeza achikulire ambiri ankakana chakudya chophikidwa ndi anthu osawadziwa. Wubneh anatsogola. Tarikye anamwalira tsiku lolowa Fasika, dzuwa litapendeka.

"Tsiku limenelo anali atasiya kale kutizindikira," anatero Lemlem. "Koma masana anayamba kuyankhula, kunyoza munthu wina, kuseka. Ine kuwagwedeza, anati, 'Usandisokoneze, ndikukangana ndi amayi ako aakulu.' Kenako anayamba kutafuna m'kamwa mulibe kanthu, n'kumanyambita zala. Fentahun anagona pambali pawo, naye atatheratu, tinkangodikira. Amayi anamukankha ndi chigongono, amvekere, 'Iwe tsala.' Kutacha Fentahun anapempha madzi."

Asresie anaika manja pamaondo. Kenako anafunsa, "Kodi anakhuta?"

"Sindikudziwa, amayi. Koma anagona bwino."

Kuyambira pamenepo Asresie anamutenga Lemlem ngati mwana wobereka yekha. Anasamukira m'nyumba yake, pamwamba pa nyumba yosanjikizana m'tauni ina ya kumwera, n'kumalera ana pamene mayi wawo ankapita kuntchito yotsuka m'chipatala. Chihebri sanachigwire kwenikweni, ndipo dongo sanalikhudzenso. Anakalamba mpaka kulephera kutsika masitepe, akukangana ndi Lemlem za mchere, za mawindo, za kavalidwe ka ana. Anamwalira m'nyengo yozizira, masana, ana ali kusukulu, ndipo Lemlem ndiye anamutseka maso.