Lamulo lachiwiri la a Abednego Tembo

Ku Kapata anthu amanenabe kuti wailesi yathu inangoti zii pa tsiku la mwambo wa Ncwala mu 2023 chifukwa a Abednego Tembo anasiya situdiyo n'kupita kukamwa. Kaundula amene kompyuta imalemba yokha akusonyeza kuti pa 10:42 m'mawa umenewo iwo anali pampando wawo, akulemba lamulo limene tinawaphunzitsa ife tomwe.

A Tembo anabadwira ku Madzimoyo. Anayamba ndi kukonza mawailesi a mabatire pakhonde la sitolo ina m'tauni, ndipo mu 2009 tinawalemba ntchito yoyang'anira makina pa wailesi yathu yaing'ono. Madzulo ankazimitsa kompyuta n'kuifunditsa chitenje. M'mawa ankaiyatsa, kuikamo mauthenga ojambulidwa a tsikulo, kenako kulemba lamulo louza makina kuti awerengenso mndandanda. Ankatero kamodzi patsiku, kwa zaka khumi ndi zinayi.

Loweruka limenelo, mauthenga atayamba kale kumveka, kunafika munthu panjinga ndi uthenga wa maliro oika masana omwewo. Dongosolo lathu linali lakuti uthenga wochedwa udikire mawa. A Tembo anaujambulabe, n'kulembanso lamulo lija. Wailesi inazima. Kompyuta yokalambayo inatenga mphindi makumi awiri kuti idzukenso, ndipo chiyambi cha mwambo wa Ncwala ku Mtenguleni chinatidutsa tisanachiulutse.

Pamsonkhano wa komiti, a Howard Banda, wapampando, anati: "A Tembo, tangotiuzani unali mowa wanji, mwina nafe tikaulawe."

Anthu anaseka.

"Sindinachoke, a Tcheya. Ndinangobwereza chimene ndimachita tsiku lililonse."

"Nanga tsiku lililonse wailesi imazima?"

Ine ndinali mlembi wa komiti. Kalata yowachotsa ntchito ndinailemba mosamala, ndinaiwerenga kawiri. Kaundula wa kompyuta sindinamupemphe.

Mu Juni tinaitana a Tasnim Mustapha, katswiri wa makompyuta, kuti asamutsire zonse pa makina atsopano. Atawerenga kaundulayo anandiitana.

"Mayi, taonani. Mapulogalamu atatu oyendetsa mawu ali m'gulu limodzi. Lamulo la a Tembo limadzera mu killpg, yomwe imatumiza chizindikiro ku gulu lonse. Koma amalandira chizindikirocho ndi njira yakale yotchedwa signal, ndipo mmene anawapangira awa, imasunga malangizo kamodzi kokha. Choyamba chikafika, amawerenganso mndandanda n'kuiwala malangizowo. Chachiwiri chikafika, onse amatseka."

"Nanga zaka zonsezi?"

"A Tembo ankazimitsa kompyuta madzulo. M'mawa malangizo ankabwerera. Kusamala kwawo ndiko kunkabisa vutoli."

Sindinakhulupirire msanga. Ndinapempha kuti tiyese pa kompyuta yakaleyo, ndipo lamulolo ndinalemba ndekha. Koyamba nyimbo inapitirira. Kachiwiri inazima. Tinabwereza katatu, zotsatira zake zomwezo.

Ndinawapeza a Tembo pakhonde lawo lakale, akuwotcherera waya m'wailesi ya munthu. Makasitomala ena anali atasiya kubwera kwa iwo, poti dzina la chidakwa linali litawamatirira. Ndinafotokoza zonse nditaimirira, pepala lili m'manja. Anamvetsera osasiya ntchito yawo.

"Ndamva, a Mlembi," anatero. "Kodi uthenga wa maliro uja unamveka?"

Sunamveke. Wailesi itabwerera, a Banda anaimba foni kuti tilumikizane ndi ku Mtenguleni nthawi yomweyo. A Tembo ankadziwa zimenezo, pakuti amene analumikiza ndi iwowo. Ndinawayankhabe.

A Banda anafuna kuti tingowabwezera ntchito mwakachetechete. A Tembo anakana: dzina lawo linaipitsidwa pagulu, choncho likonzedwe pagulu. Chilengezo chopepesa ndinalemba ine, ndipo ndinachiwerenga ndekha pa wailesi masiku atatu.

Pa 3 Julayi 2023 a Tembo anabwerera ku situdiyo. A Tasnim anaika njira ina yotchedwa sigaction m'malo mwa signal, moti malangizo saiwalikanso. Tsopano komiti siweruza wantchito isanawerenge kaundula, ndipo uthenga wa maliro umaulutsidwa ola lililonse limene wafika.