Bernardo Atadziwa Kuti Ndi Chimbalangondo

Bernardo Tilman anali munthu wamfupi, woonda ngati nsungwi, woopa ngakhale atsekwe a mnansi wake. Zaka makumi asanu analima khofi ku Maubisse osadziwa kuti dzina limene wansembe wa Chipwitikizi anam'patsa pom'batiza lili ndi tanthauzo.

Chaka china kunabwera mzungu wa ku Jeremani wogula khofi, dzina lake Bernhard. Atamva dzina la mlimiyo anam'kumbatira.

"Ndife amodzi! Dzinali linachokera kwathu kalekale, Apwitikizi anangoliwonjezera mchira. Afalansa amati Bernard. Limatanthauza chimbalangondo cholimba mtima."

"Chimbalangondo n'chiyani, bwana?"

Mzunguyo anam'sonyeza chithunzi pafoni. Bernardo anachiyang'anitsitsa.

"Mphunoyi ndi ya malemu amalume," anatero. "Nanga chimagwira ntchito yanji?"

"Chimadya uchi. Kukazizira chimagona miyezi itatu."

Ku Maubisse kumazizira mu Juni, nthawi yothyola khofi. Bernardo ananyambita botolo lonse la uchi, anakokera mphasa m'khumbi losungiramo matumba, n'kudzifunditsa mpaka kumutu.

Mkazi wake Matilde anam'peza momwemo dzuwa lili paliwombo.

"Bambo a Zito, khofi akuwolera mumtengo!"

"Musandisokoneze, mayi, ndi mwambo wa makolo anga. Mudzandidzutse mu Seputembala."

"Makolo anu ati? Bambo anu ankagulitsa fodya ku Aileu!"

Anagona masiku asanu, kumangodzuka akamva fungo la chimanga chophika ndi nyemba. Anthu ankabwera kudzam'suzumira. Mphunzitsi anabweretsa kalasi yonse.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi Matilde analondola mzungu uja kumsika.

"Inu mwandiwonongera mwamuna. Nanga dzina langali likutanthauza chiyani?"

"Lanunso ndi lakwathu, mayi. Wamphamvu pankhondo."

Matilde anabwerera, anatola munsi, n'kuima pakhomo pa khumbi.

"Nanenso ndapeza makolo anga. Akuti ntchito yathu inali yosenda zimbalangondo."

Mzunguyo sananene zimenezo, koma Bernardo analibe mpata wokafunsa. Anakwawa n'kutuluka, anayang'ana kumwamba.

"Chaka chino sikunazizire kwenikweni," anatero, akutenga dengu.

Anathyola khofi zaka zina makumi awiri, akubangula pang'ono wina akayandikira mtengo wake. Atamwalira, mwana wake Zito anauza mmisiri kuti aumbe chimbalangondo cha simenti pamanda. Mmisiriyo anali asanachionepo, choncho anachiika nyanga kuti chioneke cholimba mtima.