Mayi Telala ndi Mlongo Wawo Wosowa Pomusiya

Mayi amene tonse m'parishi muno tinkawatchula kuti Mayi Telala anabadwira m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima. Bambo awo anali mlonda, mayi awo ankachapa zovala za anthu. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi kunabadwa mlongo wawo, ndipo poti makolo ankalawirira ku ntchito, mwanayo analeredwa ndi mtsikanayu. Ndiye anamuphunzitsa kuyenda, kugwada ndi kupemphera.

Mnyamatayo anali ndi mutu wakuthwa, koma banjalo silikanatha kuphunzitsa onse awiri. Mayi Telala anasiya sukulu osadandaula, nakaphunzira kusoka pakhonde la sitolo ina. Makina awo osokera ndiwo anafikitsa mlongo wawo ku koleji ya uphunzitsi. Tsiku limene anayamba ntchito, anamusokera shati yoyera, ndipo anthu onse m'kanjira kawo anayamba kumutchula kuti Aphunzitsi. Dzinalo silinachoke mpaka lero, ngakhale anaphunzitsa materemu awiri okha.

Matenda anabwera mwakachetechete. Aphunzitsi anayamba kusowa tulo, kenaka kunena kuti wailesi ikuwanena. Tsiku lina anaima kutsogolo kwa kalasi, choko chili m'manja, osalankhula kanthu mpaka belu linalira. Ku chipatala anati ndi matenda a maganizo, ndipo adzafuna mankhwala moyo wawo wonse. Anthu sanasowe zonena. Ena anati ndi chamba, ena anati analodzedwa, ena anati maphunziro anawachulukira. Mayi Telala ankangoyankha kuti, "Wodwala chifuwa simumufunsa kuti anachimwa chiyani. Uyunso musamufunse."

Makolo atamwalira, anatsala awiriwiri. Dalaivala wina wa basi, munthu waulemu, anafunsira Mayi Telala banja. Koma tsiku lina anati, "Inu ndikukufunani, koma achimwene anuwo akakhale kwina."

"Kwina kuti?" anafunsa Mayi Telala.

Dalaivalayo anakanda mutu, nati akaganiza. Sanabwerenso.

Kwa zaka zoposa makumi atatu, moyo wawo unali Misa ya m'mawa, makina, ndi mlongo wawo. Nsalu za pa guwa zimene tikugwiritsa ntchito lero anasoka ndi iwo, ndipo ana ambiri anabatizidwa atavala zoyera zochokera m'manja mwawo. Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse ankatseka makina n'kuperekeza Aphunzitsi kukabayitsa jakisoni. Mankhwala akapezeka, Aphunzitsi ankakhala munthu wofatsa, wokonda mabuku, ndipo akawerenga Mawu a Mulungu m'tchalitchi ngakhale ana ankakhala chete. Mankhwala akasowa, zinthu zinkatembenuka. Ankakuwa, ankaphwanya magalasi a mawindo, ndipo eni nyumba anawasamutsa kasanu. Tsiku lina anadula ndi sizasi diresi la mkwatibwi limene linali litatsala pang'ono kutha, akuti munali mawu. Mayi Telala anasoka lina masiku atatu, osauza munthu. Tinadzamva kwa mkwatibwiyo patapita zaka.

Amayi a m'bungwe lawo la kutchalitchi akawafunsa kuti akupirira bwanji, ankaseka n'kunena kuti, "Inu muli ndi amuna oledzera, ine ndili ndi mlongo wowerenga. Tisinthane?"

Mayi Telala atakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi, maso anayamba kukana kulowetsa ulusi m'singano, ndipo dokotala anawauza kuti mtima wawo watopa. Apa ndi pamene anayamba kufunafuna malo oti mlongo wawo adzakhale iwo akadzapita. Achibale akutali anati nyumba zawo n'zazing'ono. Mlangizi wa odwala maganizo amene ankawathandiza ku chipatala anasamutsidwa, ndipo m'chipinda chake anaikamo makatoni. Ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu anawatumiza pa windo lachitatu, apo anawabweza pa loyamba. Mayi Telala ankakhala pa benchi, korona ili m'manja, chikwama cha mapepala chili pamiyendo.

Pomaliza namwino wina anawauza za nyumba ina kumapeto kwa tauni, kumene akuluakulu odwala maganizo amakhala aliyense m'chipinda chake, osamalira ali pafupi. Anapita kukaiona awiriwo. Inali ya zipinda zisanu ndi zitatu, yosesedwa bwino, ndi dimba la masamba kuseri. Anawaonetsa chipinda chimodzi chimene mwini wake anali kudimba. Aphunzitsi anaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana shelefu ya pakhoma.

"Achemwali, apa mabuku anga onse angakwane," anatero.

Woyang'anira nyumbayo analemba dzina lawo pa mndandanda wa odikira. Anali a nambala makumi anayi ndi atatu.

Anadikira zaka zisanu ndi chimodzi. Miyezi itatu iliyonse Mayi Telala ankakwera mabasi awiri kukafunsa, ndipo pobwera ankalemba nambala yatsopano pa kalendala ya kukhitchini. Itafika pa ziwiri, anasoka makatani a windo la chipindacho, akufufuza msoko ndi zala chifukwa maso anali atatha. Kenaka anaitanidwa. Woyang'anira watsopano anawapatsa mpando, natsegula faelo.

"Amayi, malo apezeka. Koma lamulo lathu limati timalandira osapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi. Achimwene anu anapitirira mwezi wathawu."

"Mwana wanga, tinabwera ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu. Akalambira pa mndandanda wanu womwewu."

"Ndikudziwa, amayi. Kayeseni ku nyumba ya okalamba."

Ku nyumba ya okalamba anawalandira bwino, koma atangoona khadi la kuchipatala anati alibe anthu odziwa kusamalira matenda otere. Mayi Telala anafika kunyumba dzuwa likupendeka. Aphunzitsi anali atamanga kale mabuku awo ndi chingwe. Anayang'ana nkhope ya mlongo wawo, nayamba kumasula.

Sabata imeneyo Mayi Telala anaima pakhomo la tchalitchi ndi kuuza Bambo Mfumu, amayi awiri akumva, kuti, "Abambo, imfa sindikuiopa. Ndikuopa Lachiwiri loyamba pambuyo pa maliro anga. Ndipo ndakhala ndikupempha Mulungu kuti ayambe kutenga iye, ine ndimuike m'manda ndi manja angawa. Kodi limeneli ndi tchimo?"

Bambo Mfumu anangowagwira dzanja. M'mawa mwake Mayi Telala anali m'tchalitchi pa benchi yawo ya masiku onse.

Chaka chawo chotsiriza anachithera pophunzitsa mlongo wawo kuphika, kuchapa ndi kuwerenga mapilitsi. Masiku ena zinkatheka, masiku ena mphika unkapserera Aphunzitsi atakhala pomwepo akumvetsera makoma. Mayi Telala anapempha mayi woyandikana nawo kuti awalembere m'kope zonse: nthawi ya mankhwala, zizindikiro zoti matenda akubwera, ndiponso kuti akayamba kukuwa musawagwire, ingokhalani pansi n'kuwapempha kuti akuwerengereni.

Anamwalira masana a Lachisanu, atalandira masakramenti, Aphunzitsi akuwawerengera Salimo pambali pa bedi. Pakati pa kuwerengako anatsegula maso.

"Achimwene, mwamwa mankhwala?"

"Ndamwa, achemwali."

"Chabwino. Pitirizani."

Aphunzitsi anawerenga mpaka kumapeto kwa Salimolo, ndipo pofika pamenepo mlongo wawo anali atapita, nkhope ili phee.

Pa maliro tchalitchi chinadzaza, ndipo tinayamikira chikhulupiriro chawo, kupirira kwawo, ndi manja awo osatopa. Zonsezo n'zoona, ndipo ana athu ayenera kuzimva. Koma mwezi utatha mwini nyumba anatenga makiyi ake. Aphunzitsi anagonekedwa m'chipatala milungu itatu, kenaka achipatala anaimba foni ku parishi kufunsa kuti adzawatenga ndani. Pakali pano akugona m'chipinda chosungiramo mipando kuseri kwa holo, mpaka komiti ya parishi idzakumane. Pepala la osinthana kuwaperekera chakudya lili pa bolodi la zidziwitso. Lili ndi masiku asanu ndi awiri, koma mayina alembedwapo atatu.

Mayi Telala atisiyira chitsanzo, ndipo mawu ochitamandira sitikuwasowa. Atisiyiranso munthu. Ambuye awapatse mpumulo umene sanaupeze pansi pano, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere.