Sitampa pa Zenera la Nambewe

Ndili m'kati mwa positikhadi ija ndimasunga m'Baibulo. Ndi motelo ya m'mbali mwa msewu wa ku Balaka, kumene ine ndi mkazi wanga Nambewe tinagona titangokwatirana. Ndikudziwa kuti anaigwetsa kalekale, koma nayi, ndi migwalangwa yake yamalata ndi chinanazi chasimenti pakhomo.

Nambewe ali pazenera lam'mwamba, akundikodola.

Bambo wolandira alendo, wovala malaya amaluwamaluwa, wanditsekereza njira.

"Pepani bambo, m'chipinda cha malemu sitilowetsamo anthu."

"Malemu ake ati? Si awo akundiitanawo?"

"Ee, malemuwo akukuitanani ndithu," akutero, akumwetulira ngati akundipatsa moni.

Mtima wanga ukutentha. Ine mkulu wa mpingo, amene sindinakalipirepo munthu, ndikumenya tebulo ndi chibakera. Tebulolo ndi lapepala, likungopindika.

"Ali ndi dzina. Tchulani dzina lawo."

"Dzina linapita ndi malata, bambo."

Ndikuthamangira masitepe, koma ndi ojambula chabe, mapazi akungoterereka. Migwalangwa ikugwa umodziumodzi popanda phokoso. Bambo uja akutulutsa sitampa yaikulu ngati chitseko, akuinyambita mosafulumira, n'kuimata pazenera. Kunja kwatsala dzanja lokha la Nambewe, likukodolabe.

"Basi, atumizidwa," akutero. "Kungoti adiresi simunalembe."

Ndadzuka nditafumbata manja, nsagwada zikuwawa. Ndagwada kuti ndipemphere monga mwa masiku onse, koma pakamwa pangotuluka dzina la Nambewe, katatu, mokalipa.