Njere Zisanu za Agogo aTembo

Mpaka lero, munthu akamasinja tsabola pafupi nane ndimayetsemula kawiri, kenaka ndimaona khonde la agogo anga ku Bundabunda: tsabola wofiira psu atayanikidwa pachiguduli, nkhuku zikumulambalala, ndipo agogo aakazi, aNaphiri, akusinja m'kamtondo misozi ili chuchuchu koma osasiya. Agogo aamuna, aTembo, ankakhala chapatali akusoka nsapato za anthu, n'kumadandaula kuti pakhomo pano munthu sapuma bwino. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Mayi anandisiya kumeneko chifukwa ankagwira ntchito ku Lusaka, ndipo ankabwera kudzandiona mwezi ukatha.

Agogo anachokera ku Katete, ndipo malo anachita kupatsidwa ndi eni dziko, Asoli. ATembo ankati tafika. ANaphiri ankati tikungodutsa. Panali patatha zaka zinayi, koma mphasa yawo yabwino inali chikulungire kudenga, kudikira ulendo wobwerera. Ngakhale kudimba ankabzala zinthu zoti ukathyola unyamuke.

"Tsabola ni wanzeru," ankatero. "Miyezi itatu wabala. Safunsa kuti dziko ni la yani."

Tsiku lina aTembo anabwera kuchokera ku Lusaka ndi kaphukusi ka zipatso zakuda, zomata m'manja, zimene anagula m'sitolo ya mmwenye. Anati dzina lake ndi tende, ndipo anazidyapo ali msilikali kudziko lamchenga. Anandipatsa chimodzi. Kutsekemera kwake kunandilowa mpaka m'makutu.

"Usataye njere, Tikambenji!" anandikuwira. Anazitolera zonse zisanu n'kuzimanga pakansalu.

Anatifotokozera kuti mtengo wake ndi kanjedza, m'bale wake wa uja wa kumtsinje amene tinkadula masamba ake popita kutchalitchi Lamulungu la Kanjedza. "Ufuna mapazi m'madzi, mutu padzuwa. Ubala pakapita zaka khumi, mwina kucheperako. Ndipo uli monga papaya, ulipo wamwamuna, ulipo wamkazi. Umodzi paokha subala. N'chifukwa chake nibyala zonse zisanu."

ANaphiri anaika munsi pansi. "Zaka khumi! ATembo, mufuna kunikwirira kuno?"

Anakangana mpaka mbuzi zinabwera kubusa. Pomaliza aNaphiri anati, "Chabwino. Zikamera pofika Pasaka, nikhala. Zikakana, tikolola chimanga, tipita kwathu. Mwana uyu ni mboni."

Ine mboniyo mutu unali utaima. Ku Katete sindinkakudziwa, ndinkangomva kuti ndi kutali, ulendo wa masiku angapo. Tikapita kumeneko, mayi akanabweranso mwezi ukatha? Ndinkafuna njerezo zimere, komanso ndinkachita mantha kuti aNaphiri angaone zimenezo pankhope panga.

Ntchito yothirira inali yanga, ndipo inandizunguza. ATembo anakwirira njere zawo m'mphepete mwa bedi la tsabola n'kuzika timitengo, koma mvula yoyamba inakokolola timitengoto. ANaphiri ankati tsabola afuna madzi pang'ono, m'mawa ndi madzulo, osanyowetsa masamba. ATembo ankati pa njere zawo ndizikhuthula chitini chonse kamodzi kenaka ndiiwaleko masiku atatu. Dothi lake limodzimodzilo! Ndinkaima pakati ndi chitini pamutu, osadziwa kuti tsabola athera pati ndipo tende ayambira pati.

Tsabola sanachedwe. Anaphuka, anachita maluwa oyera, anayamba kulendewera. Kumbali ya aTembo ndinkasuzumira tsiku lililonse kufuna kamtengo ka masamba otambalala ngati kanjedza wa kumtsinje. Kunalibe. Kunkangotuluka udzu.

M'mawa wina, kutatsala milungu iwiri kuti Pasaka ikwane, aNaphiri anandiitana. "Pita ukazule udzu ku tsabola. Wonse, wamva? Wonse."

Ndinazula ndi mtima wonse. M'mphepete munali maudzu ena anayi ouma khosi, tsamba limodzi limodzi, loongoka ngati mkondo, ndipo muzu wake unali wautali moti ndinachita kukoka ndi manja awiri. Wachinayi unatuluka ndi kanthu kakulendewera. Nditakapukuta ndinaona kuti ndi njere ya tende. Ndinakwiya kwambiri. Ndinathamangira kukhonde nditanyamula maudzuwo m'mwamba.

"Agogo, onani! Udzu uwu ndiwo wadya njere zanu. Naugwira!"

ATembo anaika nsapato pansi. Analandira maudzu aja, nawayala pabondo, nawawerenga ndi chala. Ndinkadikira kuti andiyamikire. Iwo anangoti, "Zinayi." Mawuwo anatuluka ang'ono, osakhala a munthu amene ankadzutsa mudzi wonse poitana mbuzi. Apo m'pamene ndinazindikira. Ndikanakonda akanandimenya.

Anapita kudimba, ine ndikulira pambuyo pawo. Anayesa kubwezera timbande tija m'dothi, koma mizu inali itaduka. Kenaka anayamba kukwawa m'mphepete mwa bedi, munthu wamkulu, akupapasa dothi. Pakona panali phale la mphika wosweka, lovundikira, mbali imodzi litatsamira pamwala. Ine sindinalikhudze pozula paja. Atalitukula, pansi pake panali kaudzu kachisanu, katapindika pang'ono koma kamoyo.

"Yamera! ANaphiri, yamera!"

ANaphiri anabwera osafulumira, anayang'ana, n'kunena kuti, "Kaudzu kamodzi." Koma Lamulungu la Pasaka mphasa ija inatsika kudenga, ndipo alendo anakhalapo.

Tinakhala. Tsabola ankabala, kuuma, kubzalidwanso, pamene kanjedza ankangowonjezera tsamba limodzi ngati akuchita kuumirizidwa. ATembo anamwalira mtengowo usanandipitirire msinkhu. Maliro atatha, abale a ku Katete anauza aNaphiri kuti amange katundu, popeza chowasunga kuno chinali chitatha. Tonse tinadabwa atakana.

Mtengo unadzachita maluwa ine nditakwatiwa kale. Unali waukazi. Chaka ndi chaka unkatulutsa tizipatso tolimba, topanda njere, n'kutiyoyola tisanapse, chifukwa mwamuna wake ndinamuzula ine. ANaphiri ankautchula kuti mbeta, koma ankauthirira okha, chitini chonse kamodzi, monga mwini wake ankanenera.

Atakalamba kwambiri ndinawauza kuti nkhani ya maudzu anayi aja imandiwawabe. Anandiyankha kuti:

"Siwe unalakwa. Ine ninali kudziwa kuti si udzu. N'chifukwa chake ninatuma iwe."

Kenaka ndinafunsa za phale lija, kuti kodi linafika bwanji pakona paja.

"Ninaika ine, m'mamawa, usanauke."

"Nanga ngati munafuna kupita kwanu, munabisiranji imodzi?"

Anatola tsabola wouma pachiguduli, namutembenuzatembenuza m'manja. "Kaya, mwana wanga. Nakhala nikudzifunsa."

Ine ndakalamba tsopano, ndipo yankho sindinalipezebe. Sindidziwa ngati ndiwakwiyire agogo aja kapena ndiwathokoze, chifukwa dzanja lomwe linandituma kukazula ndi lomwenso linandisunga pafupi ndi mayi anga. Tsabola ndimabzala chaka chilichonse, ndipo sanandikhumudwitsepo. Koma mbeta ija ikadali chiimire ku Bundabunda, yaitali kuposa nyumba zonse. Dzinja lathali ndinapitako ndi njere zinayi za tende pakansalu, ndinazikwirira m'munsi mwake, ndipo iliyonse ndinaivundikira ndi phale.